Nambala 632 ija ya 1st Maine Heavy Artillery tisamainyadire

Mukamawerenga za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ija ya 1861 mpaka 1865 ya pakati pa boma la kumpoto ndi zigawo za kummwera zomwe zinagalukira, pali gulu limodzi la asilikali lomwe dzina lake silisowa, 1st Maine Heavy Artillery. Ndipo paliponse pomwe alitchula amayamba ndi rekodi, eti palibe rejimenti (gulu la makampani angapo a asilikali) ina ya kumpoto yomwe inataya anthu ambiri pa kumenyana kumodzi kuposa iyi, amuna pafupifupi 900 ananyamuka kuthamangira adani ku Petersburg pa 18 June 1864 ndipo 632 anagwa, ena kufa ena kuvulala, zonsezi mmaminitsi ngati khumi basi. Anthu amaitchula nambalayi ngati chikho chomwe timu yawo inawina. Ine zimandiwawa kwambiri, chifukwa anyamata amene aja anali olimba mtima zoona, izo sindikutsutsa, koma nambala imeneyi ikuyenera kukhala mlandu wa mabwana omwe anawatuma, ndipo asilikali anzawo omwe anakana kudzuka tsiku limenelo, omwe ena mpaka lero amawaona ngati amantha, ndi omwe ankaona bwino zinthu.

Anthuwa anachokera ku Maine, kumpoto chakummawa kwa America kumalire ndi Canada, dera lozizira la nkhalango ndi nyanja. Ambiri anali a mmadera ozungulira Bangor, tawuni yomwe nthawi imeneyo inkatchuka ndi matabwa pa mtsinje wa Penobscot, nde muganize za alimi, odula mitengo, ocheka matabwa, asodzi, anthu a manja okhakhala. Mu July 1862 pulezidenti Abraham Lincoln anapempha amuna 300,000 odzipereka, iwo anavomera, ndipo mu August chaka chomwecho analumbiritsidwa ku Bangor ngati 18th Maine Infantry, asilikali oyenda pansi, mtsogoleri wawo ali Colonel Daniel Chaplin. Lamulo la boma lalikulu lokakamiza amuna kulowa usilikali linadzabwera mu March 1863, ndiye awa analowa lisanabwere. China chofunika kuchimvetsa nchoti nthawi imeneyo kampani imodzi ya asilikali inkatoleredwa mtawuni imodzi kapena mmidzi yoyandikana, munthu ndi mchimwene wake, msuweni wake, mlamu wake, mnzake wa ku tchalitchi, onse mzere umodzi. Zinkathandiza kuti asathawe poti ukathawa nkhani ikafika kumudzi iwe usanafike, koma zinkatanthauzanso kuti tsiku loipa limodzi likhoza kugwetsa maliro mnyumba zonse za mudzi umodzi.

Atafika ku Washington sanawatumize ku nkhondo. Likulu limeneli lili pamphuno penipeni pa Virginia, kungowoloka mtsinje wa Potomac wafika kwa adani, ndipo chigonjetsedwere asilikali a kumpoto ku Bull Run mu 1861 boma linkagona ndi mantha kuti tsiku lina adzalandidwa likulu. Nde anazunguliza mzinda onse ndi malinga, pofika kumapeto a nkhondo analipo 68, ndipo malinga amafuna anthu. Mu January 1863 gulu lija analisintha dzina kukhala 1st Maine Heavy Artillery, kutanthauza asilikali a mizinga ikuluikulu, ija yolemera yosayenda nayo mtchire, yomwe imakhala pamalo amodzi itayang'ana komwe mdani angachokere. Anakhala mmalinga a kumpoto chakumadzulo kwa mzindawo monga Fort Sumner kwa miyezi yoposa 20, ntchito yake kudula mitengo kuti mizinga iziona patali, kukumba, kukonza misewu, kupukuta mizinga, perete mmawa ndi madzulo, kuphunziranso kugwira mfuti yamanja ndi kuguba mmizere. Rejimenti ya mizinga ikuluikulu inkaloledwa kukhala ndi makampani 12 a anthu 150, ndiye kuti amuna ngati 1,800, pamene marejimenti akale omwe anali kutsogolo kwa nkhondo ambiri anali atatsala ndi anthu 300 olo kuchepera apo.

Apa ndi pomwe panayambira chitonzo. Asilikali omwe anadutsa mmoto wa Antietam, Fredericksburg ndi Gettysburg ankawaona awa ngati odya za ulele, ogona mnyumba zofolera, yunifomu yaukhondo ya mizere yofiira, makolala a pepala, kalata zochokera kwawo zikufika pa nthawi yake. Ine chitonzo chimenechi ndimachimvetsa koma sindichivomereza. Anyamatawa sanasankhe okha kukhala ku Washington, analembetsa ngati oyenda pansi ndipo boma ndi lomwe linawaika pamenepo, komanso ntchito yolondera likulu inali yeniyeni, tiona kutsogoloku zomwe zinachitika atawachotsapo. Ndipo olo mmalingamo imfa inalimo, matenda a mmakampu ankatenga anthu mwakachetechete, pa nkhondo yonse rejimentiyi inataya anthu pafupifupi 260 ndi matenda okha. Koma munthu ukamanenedwa tsiku ndi tsiku kuti ndiwe msilikali wa perete, mumtima mumamera kanthu kofuna kuonetsa kuti nawenso ndiwe mwamuna, ndipo ine ndikukhulupirira kuti kanthu kameneka kanathandizira kuwapha.

Mu May 1864 General Ulysses Grant, mkulu wa asilikali onse a kumpoto, anayamba ulendo wake wopita ku Richmond, likulu la akummwera, ndipo maganizo ake anali oti asamupatse Robert Lee, mkulu wa asilikali a kummwera ku Virginia, mpata opuma. Ku Wilderness ndi ku Spotsylvania asilikali a kumpoto oposa 30,000 anafa, kuvulala kapena kusowa mmasabata osakwana atatu. Anthu oti alowe mmalo achokera kuti? Grant anayang'ana kumbuyo nkuona amuna masauzande ali mmalinga a Washington, athanzi, ophunzitsidwa, ndipo analamula kuti asiye mizinga yawo atenge mfuti zamanja abwere. A 1st Maine anakwera sitima yapamadzi mpaka ku Belle Plain, kuchoka apo wapansi kudutsa ku Fredericksburg komwe matchalitchi ndi nyumba za anthu zinali zitasanduka zipatala. Akale aja powaona akudutsa, mzere wautali osatha, ankafunsa monyoza ngati imeneyi ndi rejimenti imodzi kapena gulu lonse la marejimenti angapo.

Sipanathe olo sabata. Pa 19 May asilikali a Richard Ewell, mmodzi wa akuluakulu a pansi pa Lee, anazembera kumbali kwa gulu la kumpoto pamalo otchedwa Harris Farm, kufupi ndi msewu odutsa ngolo za chakudya ndi zipolopolo, ndipo omwe anali pamenepo anali a mizinga omwewa, otsogozedwa ndi General Robert Tyler. Anamenya nkhondo mmene anaphunzirira pa perete, chiimirire, phewa ndi phewa, kuwombera ndi kulonga mfuti ali njoo, pamene msilikali wakale aliyense akanagona pansi kapena kubisala kuseri kwa mtengo. Sanathawe, anamubweza Ewell, koma 1st Maine yokha inataya anthu oposa 470 madzulo amodzi amenewo. Chitonzo chija chinachepa kuyambira tsiku limenelo. Koma taganizani, ulemu unagulidwa ndi anthu 470, ndipo mbali ina ya mtengo umenewu inabwera chifukwa kwa zaka pafupifupi ziwiri ankaphunzitsidwa nkhondo ya mbuku, yomwe anzawo kutsogolo anali atasiya kalekale.

Nkhondo inali itasintha. Pofika 1864 msilikali aliyense wa mbali zonse ankadziwa kuti akangoima penapake ayambe kukumba, ndi fosholo, ndi mbale yodyera, ndi mpeni wa kumfuti, chilichonse, ndipo mmaola ochepa pamakhala ngalande, mulu wa dothi kutsogolo, chipika pamwamba choteteza mutu, mitengo yosongola kutsogolo kwake. Munthu mmodzi ali mngalande yotere ankatha kuimitsa anthu angapo obwera poyera. Umboni unalipo wambirimbiri ndipo unali wa dzulodzulo. Ku Cold Harbor pa 1 June gulu lina la mizinga ikuluikulu, 2nd Connecticut, linathamangira ngalande zotere nkutaya anthu oposa 300 kuphatikizapo Colonel Elisha Kellogg. Pa 3 June a 8th New York Heavy Artillery anachita chimodzimodzi nkutaya anthu pafupifupi 500 ndi Colonel wawo Peter Porter. Ovulala anakhala pakati pa mizere iwiri masiku angapo padzuwa mabwana akulemberana makalata za mmene angaimitsire nkhondo kuti awatole. Grant mwini wake anadzalemba pambuyo pake kuti ankanong'oneza bondo ndi kuukira komaliza kwa ku Cold Harbor. Kuchoka pa 3 June kufika pa 18 June ndi masiku 15 okha abale, palibe angati anali ataiwala.

Tsono Petersburg. Tawuni imeneyi ili makilomita osakwana 40 kummwera kwa Richmond ndipo njanji zambiri zodyetsa Richmond ndi asilikali a Lee zinkakumana pamenepo, ukailanda basi Richmond yafa ndi njala. Grant anachita chanzeru ndithu, anazemba ku Cold Harbor nkuwoloka mtsinje wa James Lee asanadziwe bwinobwino komwe walowera, ndipo pa 15 June tawuniyi inali ngati yosalondera, General Beauregard wa akummwera anali ndi anthu ongopitirira 2,000 mngalande zotalika makilomita ambiri. Madzulo a tsiku limenelo asilikali a kumpoto, mwa iwo muli asilikali akuda a United States Colored Troops omwe analanda malinga ndi mizinga, anaboola mzere wa adani. Koma General William Smith, yemwe ankawatsogolera, anaima, akuti kwada, tidikire. Pa 16 ndi pa 17 anayesanso koma mosagwirizana, uyu kuukira uko wina akudikira. Usiku wa pa 17 Beauregard anabweza anthu ake mmbuyo pang'ono nkukumba mzere watsopano, ndipo kukucha pa 18 asilikali a Lee anali akufika. Khomo lomwe linali lotsegula Lachitatu linali litatsekedwa Loweruka.

Chomwe chimandipweteka nchoti kuukira kwa madzulo a pa 18 kunabwera mwayi utapita kale. General George Meade, mkulu wa Army of the Potomac, gulu lalikulu la kumpoto lomwe linkamenyana ndi Lee, anali atatopa komanso atakwiya ndi akuluakulu a pansi pake omwe sankatha kuukira nthawi imodzi, mpakana anangolamula kuti aliyense aukire payekha osadikira mnzake. Winfield Hancock, mkulu wa II Corps, chimodzi mwa zigawo zikuluzikulu za gulu la Meade momwe munali a Maine, anali atagona ndi bala lake la ku Gettysburg ndipo David Birney ndi amene anagwirizira. Lamulo linatsika kuchoka kwa Meade kupita kwa Birney, kwa Gershom Mott wa pansi pa Birney, mpaka linafika kwa anthu omwe anali atabisala mu msewu olowa pansi pafupi ndi nyumba ya Hare. Kutsogolo kwawo kunali munda wa poyera wa mamita ngati 300, kutsidya kwake ngalande zatsopano zodzaza ndi mfuti ndi mizinga. Magulu ena anali atayesa kale pamalo omwewo tsiku lomwelo nkubwezedwa. A 1st Maine anawaika kutsogolo mmizere itatu, Major Russell Shepherd akutsogolera poti Chaplin anali akuyang'anira gulu lalikulupo, ndipo dongosolo linali loti marejimenti akale atsatire pambuyo ndi mmbali.

Itakwana nthawi, cha mma 4 koloko madzulo, a Maine anakwera kutuluka mu msewu muja nkuyamba kuthamanga. Akale aja ambiri sanadzuke, ena anangoyenda pang'ono nkugona pansi, ndipo zimanenedwa kuti ena ankawakuwira a Maine kuti gonani pansi, malinga amenewo simungawalande. Ndiye mfuti zonse ndi mizinga yonse ya mbali imeneyo, zomwe zikanagawikana pa anthu masauzande, zinalunjika pa rejimenti imodzi. Palibe olo mmodzi anafika pa ngalande za adani. Mmaminitsi khumi zinali zitatha, 632 ali pansi, ndipo mwa iwo oposa 200 anafera pompo kapena anadzafa ndi mabala. Madzulo omwewo mabwana anavomereza kuti Petersburg singalandidwe pothamangira, analamula kuti anthu ayambe kukumba, ndipo anakhala mngalande zimenezo mpaka April 1865. Masiku anayi amenewo, 15 mpaka 18 June, kumpoto kunataya anthu oposa 10,000.

Pali omwe amati olakwa ndi akale aja, akanadzuka onse mwina mzere ukanabooka, ndipo a Maine sakanafa okha chonchija. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikuitaya, nzoona kuti kusiyidwa okha kunachulukitsa imfa zawo, komanso gulu la nkhondo lomwe msilikali aliyense amasankha yekha lamulo loti amvere silingapambane nkhondo iliyonse. Koma tiyeni tione kuti anthu amenewa anali ndani. Ndi omwewa analowa mnkhalango yoyaka moto ku Wilderness, ndi a II Corps omwewa anathamangira ngalande za Lee ku Spotsylvania pa 12 May nkugwira adani masauzande, kumenyana tsiku lonse mvula ikugwa. Munthu otere sungamutche wamantha. Anali atayenda ndi kumenyana masabata asanu ndi limodzi osapuma, ma ofesala awo abwino ambiri atafa, ndipo anali ataphunzira ndi magazi a anzawo kusiyanitsa malo olandika ndi malo osalandika. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo apa sanachedwe nkugonera komwe, anatsimikizika pasanathe kota ya ola. Akanadzuka onse, chomwe ine ndikuona nchoti lero tikanamawerenga nambala yoposa 632 kutalitali pa munda omwewo. Funso loyenera kufunsa ndi loti zinatheka bwanji kuti msilikali wamba ogona mfumbi adziwe chinthu chomwe wolamula, ali kutali kumbuyo ndi mapu ndi telegalafu, sanafune kuchidziwa. Ndipo amene anasankha kuika a Maine kutsogolo ankadziwa kuti ndi gulu lalikulu komanso lomvera, lomwe silinalawepo kuthamangira ngalande maso ndi maso ngati anzawo aja. Kumvera kwawo nkomwe kunagwiritsidwa ntchito.

Ena amabwera ndi mfundo ina, yoti nkhondo imeneyi inali yolungama, inathetsa ukapolo wa anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni, nde imfa iliyonse inali ndi phindu. Kuti nkhondoyi inkayenera kupambanidwa ndikuvomereza ndi mtima onse, ndipo sindikufuna wina atenge zomwe ndalembazi ngati zonyoza cholinga chake. Ndikuvomerezanso kuti njira ya Grant yomupanikiza Lee osamusiya ndi yomwe inamaliza nkhondo, komanso kuti 1864 chinali chaka cha chisankho, Lincoln akanaluza mu November mwina kukanakhala kukambirana za mtendere ukapolo ulipobe. Koma cholinga kukhala chabwino sizitanthauza kuti lamulo lililonse loperekedwa mdzina lake ndi labwino. Kuthamanga kwa pa 18 June sikunalande olo mita imodzi ya ngalande za adani, sikunafupikitse nkhondo ndi tsiku olo limodzi, ndipo mndandanda wautali wa akufa mnyuzipepala za kumpoto mchilimwe chimenecho ndi omwe unatsala pang'ono kumugwetsa Lincoln yemweyo. Ngati umakhulupiriradi cholinga, anthu odzipereka pa cholingacho umawasamala kwambiri, chifukwa ndi omwe udzawafune mawa.

Za malinga aja omwe ankanenedwa kuti ndi malo a alesi, yankho linabwera pasanathe mwezi. Lee anatumiza General wake Jubal Early ndi asilikali kudzera mchigwa cha Shenandoah ndipo pa 11 July 1864 anatulukira pakhomo pa Washington, ku Fort Stevens. Mizinga inalipo koma odziwa kuiwombera ambiri anali ku Virginia, ena ali mmanda. Boma linachita kutolera makalaliki a mmaofesi, asilikali ochira mzipatala ndi ena ongolembedwa masiku 100, mpakana Grant anatumiza asilikali a VI Corps pa sitima mwachangu, ndipo Lincoln yemwe anapita pa lingalo zipolopolo zikudutsa pafupi naye. Mzinda unapulumuka, koma zinaonetsa poyera kuti miyezi 20 ija ya anyamata a ku Maine inali ntchito yeniyeni, komanso kuti luso lomwe boma linawononga nthawi ndi ndalama kuwaphunzitsa linakatayidwa mmunda wa ku Petersburg atanyamula mfuti yamanja.

Otsala aja anapitiriza, ndipo mbali imeneyi ndi yomwe anthu a rekodi aja saikamba kawirikawiri. Chaplin anawomberedwa ku Deep Bottom mu August 1864 nkumwalira patapita masiku ochepa, miyezi iwiri yokha chionereni anthu ake akugwa. Shepherd anatenga udindo, rejimenti inakhala mngalande za Petersburg dzinja lonse la kumeneko, inamenya ku Boydton Plank Road mu October, ku Hatcher's Run, ku Sailor's Creek pa 6 April 1865, ndipo inali mgulu lothamangitsa Lee mpaka anagonja ku Appomattox pa 9 April. Kenaka anawabwezera ku malinga a Washington omwe aja asanawamasule mu September 1865. Mwa amuna pafupifupi 2,200 omwe analembedwapo mrejimentiyi, 423 anaphedwa pankhondo kapena kufa ndi mabala, ma ofesala 23 ndi asilikali wamba 400, ndipo onsewa anafa mkati mwa chaka chosakwana chimodzi, ochuluka zedi pa masiku awiri okha, 19 May ndi 18 June. Mu 1894 opulumuka anaimika chipilala pa munda uja ku Petersburg, ndipo iwo ndiye anali ndi ufulu onse onyadira anzawo, ndi abale awo anagona pamenepo.

Ife owerenga lero ufulu umenewo tilibe ngati sitikufunsanso za omwe analamula. Smith uja anachotsedwa paudindo mu July 1864, pa zifukwa zingapo kuphatikizapo mikangano yake ndi mabwana anzake. Koma Meade anakhalabe mkulu wa Army of the Potomac mpaka nkhondo kutha, Mott anapitiriza kutsogolera gulu lake, ndipo Birney, patangotha masabata asanu chichitikireni zimenezi, anapatsidwa gulu lakelake lalikulu la X Corps.